Chikwanekwane: thandizo limene wophunzira wa pa koleji ayenera kulidziwa

Ophunzira ambiri a m'masukulu a ukachenjede a MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre amadutsa pa chipatala cha Gulupu (Queen Elizabeth) tsiku lililonse osadziwa kuti m'chipatalamo muli Chikwanekwane, malo amene munthu wogwiriridwa kapena womenyedwa amapeza achipatala, apolisi, aphungu ndi a zosamalira anthu pakhomo limodzi, ndipo salipira kanthu. Zipatala zazikulu za Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu nazonso zili ndi malo otere. Ife timawayamikira kwambiri, makamaka chifukwa munthu wovulala sayendetsedwa kuchoka kupolisi kupita kuchipatala n'kubwereranso ndi kapepala m'manja.

Mphamvu ya thandizoli yagona pa kufulumira. Mukafika amakuyezani HIV kaye. Ngati mulibe kachilomboka amakupatsani PEP, mankhwala oteteza kuti musatenge HIV. PEP iyenera kuyambidwa asanathe maola 72 ndipo imamwedwa tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: sabata yoyamba mankhwalawa amatha kuchititsa nseru kapena mutu, mayeso n'kukhala ali pafupi, munthu n'kusiya. PEP yosiyira panjira siteteza mokwanira, choncho ikakuvutani bwererani mukanene. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amaperekedwa mpaka maola 120, koma mphamvu yake imachepa tsiku likamapita, ndipo mukasanza pasanathe maola awiri mwamwa muyenera kumwanso. Amaperekanso mankhwala a matenda opatsirana pogonana, n'kulemba lipoti la achipatala logwiritsa ntchito kukhoti.

Musataye nthawi kufunafuna kalata ya kupolisi, yambirirani kuchipatala. Ngati n'kotheka musasambe kapena kuchapa zovala, ndipo zovalazo ikani m'thumba la pepala, osati m'jumbo, chifukwa chinyezi chimawononga umboni. Ngati mwasamba kale, pitanibe, mankhwala mulandira.

Koma Chikwanekwane ali ndi zofooka, ndipo choyamba ndi mbiri yake. Anthu amawadziwa malowa ngati a ana, moti mtsikana wa zaka 21 amaganiza kuti si ake. Anyamata ndiye amachita manyazi kwambiri, chonsecho nawonso amalandiridwa.

Chachiwiri n'chachikulu. Nkhanza zambiri za pa koleji sizisiya bala. Mphunzitsi wouza wophunzira kuti akhoza mayeso pokhapokha agone naye, mkulu wopereka malo ogona amene amaitana mtsikana usiku, mnzako wa m'kalasi wofalitsa zithunzi zako pa WhatsApp: zonsezi dokotala alibe choyeza. Aphungu akumvetserani, apolisi angatsegule mlandu, poti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaika chilango cha K1 miliyoni ndi zaka zisanu kundende kwa wozunza mnzake pa nkhani zogonana. Koma Chikwanekwane alibe mphamvu yolamula kuti pepala lanu lichongedwe ndi mphunzitsi wina, kapena kuti musinthidwe chipinda. Zimenezo ndi za ofesi yoona za ophunzira ndi komiti yolanga ya koleji, ndipo kumeneko amafuna umboni. Musafufute mauthenga. Jambulani chithunzi choonetsa nambala, tsiku ndi nthawi, musungenso pa foni ya munthu amene mumamukhulupirira. Dandaulo lanu lilembedwe, ndipo mutsale ndi kope yodindidwa tsiku limene mwapereka, chifukwa dandaulo la pakamwa limakanidwa mosavuta.

Zikachitika usiku, kapena mukuopa kuonekera, imbani 5600, nambala yaulere ya bungwe la YONECO yothandiza ochitiridwa nkhanza. Adzakulozerani koyenera kupita, ngakhale foniyo singalowe m'malo mwa chipatala. Atsogoleri a bungwe la ophunzira angachite bwino kumata nambala imeneyi pamodzi ndi malire a maola 72 pakhomo la hositelo iliyonse, ya anyamata ndi ya atsikana, ndi kuwafotokozera ophunzira a chaka choyamba kumene kuli Chikwanekwane sabata yomwe afika.