Shopu yokonza makompyuta ku Salima imene sithamangira kufomata

Kuno ku Salima, munthu akapita ndi kompyuta yovuta kwa okonza, yankho limene amamva kawirikawiri ndi limodzi, loti afomate, kutanthauza kufufuta zonse zimene zili mu kompyutayo, n'kuikamo Windows watsopano. Shopu yaing'ono imene ili chakufupi ndi Kamuzu Road imagwira ntchito mosiyana ndi zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ndaona kuti ndi bwino kufotokozera ena mmene inandithandizira.

Kompyuta yanga ndi yapadesiki, yogula yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ndi imene ndimalembera makalata ndi kusindikiza mapepala a makasitomala. Inali ndi mavuto awiri amene ine ndinkayesa kuti ndi limodzi. Nthawi zina sikirini inkasanduka yabuluu n'kulemba mawu akuti MEMORY_MANAGEMENT, kenako kompyuta n'kuyambiranso yokha. Nthawi zina inkangozima zii popanda chenjezo lililonse, makamaka masana dzuwa likaswa mtengo. Kwina kumene ndinayamba kupita anaifomata, ndinalipira, koma sipanapite nthawi yaitali vuto lisanabwerere.

Amisiri a pa shopuyi asanamasule ngakhale sikuluwu imodzi anayamba ndi mafunso. Anafuna kudziwa ngati kompyuta imazima m'mawa kapena masana, ngati imazima ndikusindikiza kapena ili chikhalire, ngati mawu a pa sikirini yabuluu amakhala omwewo nthawi zonse, komanso ngati ndimailumikiza kukhoma mwachindunji. Atatero anatsegula Event Viewer, mmene Windows amasungamo mbiri ya zochitika, ndipo anandionetsa mizere yambiri yolembedwa Kernel-Power 41. Chimene chinandipatsa chikhulupiriro n'chakuti sananamizire kuti mzerewo wawauza zonse. Anafotokoza kuti nambala 41 imangosonyeza kuti kompyuta inazima isanatsekedwe mwadongosolo, koma sinena chimene chinaizimitsa, moti magetsi akathima mwadzidzidzi imalembedwanso chimodzimodzi.

Pa nkhani ya RAM, timatabwa timene kompyuta imasungamo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito ndipo tikawonongeka timabweretsa sikirini yabuluu, m'pamene anaonetsa kuleza mtima kwenikweni. Anaika MemTest86, pulogalamu yoyezera RAM, pa fulashi n'kuyatsira kompyuta pa fulashiyo, kuti Windows asalowerere pa kuyesako, ndipo anaisiya ikuyenda usiku wonse. Kutacha, zolakwika zinali zitaoneka. Popeza munali timatabwa ta RAM tiwiri ta 4 GB kalikonse, anayesa kamodzikamodzi, ndipo kokayikitsako anakasunthira pa malo ena a motherboard, thabwa lalikulu limene zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo, pofuna kutsimikiza kuti vuto lili m'kathabwako osati m'malo ake olowetsa. Anapukuta mano ake agolide n'kuyesanso, koma zolakwika sizinachoke. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake kufomata kunali kutaya ndalama: RAM yowonongeka imasokoneza zimene kompyuta ikuwerenga ndi kulemba, kaya Windows wake ndi wakale kaya waikidwa dzulo, ndipo imatha kuwononga mafayilo a Windows watsopanoyo pa nthawi imene akuikidwa.

Kuzima kwa masana kunali ndi gwero lina. Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja amadziwa mmene kumatenthera mu Okutobala ndi Novembala, ndipo ofesi yanga ndi ya malata opanda siling'i, khomo lake loyang'ana msewu wafumbi. Atatsegula bokosi, fumbi linali litamatirira ngati bulangete pa zitsulo zoziziritsa purosesa, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa kompyuta, moti fani inkazungulira koma mphepo osadutsa. Phala lotchedwa thermal paste, limene limapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa, linali litauma n'kusweka. Pulogalamu yoyezera kutentha inaonetsa madigiri opitirira 90 kompyuta itangopatsidwa ntchito yolemera pang'ono. Mapurosesa ambiri akayandikira madigiri 100 amachepetsa liwiro, ndipo kutentha kukapitirira amazimitsa kompyuta kuti asapse. Choncho kuzimako kunali kudziteteza kwa makinawo. Anapemerera fumbi lonse atagwira fani kuti isazungulire mopitirira muyeso, anachotsa phala lakale ndi spiriti, n'kupaka latsopano.

Sanalekere pomwepo. Anayeza power supply, kabokosi kogawa magetsi mu kompyuta, ndi mita kuona ngati mawaya a 12V, 5V ndi 3.3V akutulutsa mphamvu yoyenera, anayang'ana ngati pali ma capacitor (timigolo ting'onoting'ono tosunga magetsi) otupa pamwamba, ndipo anaona thanzi la hard disk, mosungira mafayilo, ndi pulogalamu yotchedwa CrystalDiskInfo. Zonsezi zinali bwino, ndipo anandiuza mosabisa kuti palibe chifukwa chogulira zina, ngakhale kuti pa shelefu pawo panali power supply yogulitsa. Wina akanandiuza kuti yanga yafa, ine sindikanatsutsa.

Komabe pali zimene sizinandisangalatse. Shopuyi ilibe zipangizo zokwanira. RAM ya mtundu wa DDR3 imene kompyuta yanga imafuna anachita kuitanitsa ku Lilongwe, ndipo tsiku limene anandilonjeza linadutsa popanda wondiimbira foni kundiuza kuti katundu wachedwa. Kwa munthu amene chakudya chake chimachokera pa kompyutayo, kukhala chete koteroko n'kopweteka kuposa kuchedwa kwenikweniko. Chachiwiri, salemba lisiti pokhapokha utaumirira, ndipo lonjezo lawo loti adzasintha RAM ikavuta ndi lapakamwa chabe. Sindikukayika kukhulupirika kwawo, koma pa katundu wogwiritsidwa kale ntchito pepala limateteza onse awiri. Ndinaonanso makompyuta a anthu atasanjikizana pakona opanda chizindikiro cha mwini wake, zimene zikhoza kudzetsa mkangano tsiku lina.

Mtengo wa ntchito yawo unali wokwererapo poyerekeza ndi wa kufomata, ndipo amalipiritsa kuyeza pakokha ngakhale mwini kompyuta atasankha kusakonzetsa. Poyamba zimenezi zinandidabwitsa, koma nditaona nthawi imene kuyezako kumatenga ndinaona kuti n'zoyenera. Ndalama yoyendera ulendo wa ku Lilongwe ndi bokosi la kompyuta pamiyendo mu minibasi ikanaposa pamenepo.

Pondibwezera kompyuta anandilangiza kuti ndiichotse pansi n'kuiika pa tebulo patali ndi khoma, ndiziipemerera fumbi nyengo yotentha isanayambe, komanso ndigule UPS, bokosi la batire limene limapatsa kompyuta mphamvu kwa kanthawi magetsi akathima, chifukwa kuthima kwa magetsi kompyuta ili mkati molemba kumawononga mafayilo ndipo kumabweretsa sikirini yabuluu ya mtundu winanso. Anandikumbutsanso kuti Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 ngati tsiku losiya kuthandiza Windows 10, ndi kuti makina anga alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kamene Windows 11 amafuna, choncho ndiyambe kusunga ndalama ya kompyuta ina m'malo mowonjezera zambiri pa yakaleyi. Chikonzereni, kompyuta yagwira ntchito masana otentha osazima, ndipo sikirini yabuluu sinaonekenso.

Amene akufuna kupita kumeneko ajambuliretu ndi foni mawu amene amaoneka pa sikirini yabuluu, alembe nthawi imene kompyuta imazima, ndipo akopere mafayilo ofunika pa fulashi asanaisiye, popeza shopuyi sisunga mafayilo a kasitomala pokhapokha atapempha. Apemphenso lisiti yolembapo mtundu ndi kukula kwa chipangizo chilichonse chimene chasinthidwa, ndipo chakale chimene chachotsedwa atenge.