Ndemanga: Quo Vadis, kope lachikuto chofewa lomasuliridwa ndi Curtin (nyenyezi 4 mwa 5)

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha osindikiza kopeli, osati mlembi wake.

Musanalipire, tsegulani masamba oyambirira muone dzina la womasulira. Henryk Sienkiewicz analemba bukuli, lonena za Akhristu a ku Roma m'nthawi ya mfumu Nero, m'Chipolishi, linatuluka mu 1896, ndipo makope ambiri otchipa a Chingerezi amagwiritsa ntchito zomasulira za Jeremiah Curtin za chaka chomwecho, poti tsopano aliyense angathe kuzisindikiza ulere. Anthu a Curtin amalankhulana ndi "thee" ndi "thou" ngati m'Baibulo la King James. Amene anazolowera Chingerezi chotere sadzavutika. Enanu funani la W.S. Kuniczak la 1993, limawerengeka msanga ngakhale mtengo wake ndi wokwererako.

Kope ili lili ndi masamba oposa 500, zilembo zake ngati nyerere, ndipo msana wake ndi womata ndi guluu basi, wosasoka. Mukalikanula kwambiri pakati, guluuyo amathetheka ndipo masamba amayamba kuthothoka. Mulibe mapu a Roma, mulibenso tanthauzo la mawu a Chilatini monga atrium, triclinium ndi ergastulum, amene akungobwera ngati aliyense amawadziwa. Pachikuto anajambulapo Colosseum, chonsecho bwalo limenelo linatsegulidwa mu 80 AD, Nero atafa kale mu 68 AD. Mlembi sanalakwitse zimenezi: Akhristu ake akufera m'bwalo lamatabwa.

Nkhani yake ndi ya Marcus Vinicius, msilikali wa banja lapamwamba, amene wapenga ndi Lygia, mtsikana wachikhristu woleredwa m'nyumba ya Aulus Plautius. Vinicius ndi Lygia ndi opeka, ndipo kunena zoona ndiwo osakoma kwambiri m'bukuli. Lygia ndi woyera mopitirira muyeso, moti amafanana ndi chithunzi cha pa kalendala ya tchalitchi. Mitu khumi yoyamba imayenda pang'onopang'ono, ndi mabafa, maphwando ndi mayina ambirimbiri. Apa ndi pamene ambiri amalisiyira. Lembani mayinawo pa kapepala, Petronius, Tigellinus, Poppaea, Acte, Ursus, Glaucus, Crispus, muzikaika pamene mwalekezera. Nkhani imagwira moto Lygia akangosowa n'kuyamba kumusaka.

Womusakayo ndiye chuma cha bukuli. Chilon ndi Mgiriki wausiwa, kathyali wa pakamwa pa uchi, wogulitsa mphekesera kwa aliyense wa ndalama. Amaphunzira kujambula nsomba pansi kuti Akhristu amuyese mnzawo, nalondola mpaka kumanda a Ostrianum kumene mtumwi Petro akulalikira usiku. Amene simufuna kudziwiratu zakutsogolo dumphani chiganizo chotsatirachi. Usiku umene Akhristu apakidwa phula n'kuyatsidwa ngati miuni m'minda ya Nero, Chilon akuima pansi pa mtengo umene wamangiridwapo Glaucus, sing'anga amene iye anamupereka kawiri konse, ndipo akupempha chikhululukiro kwa munthu amene akupsa. Tsamba limenelo lokha limabweza ndalama zanu. Wina ndi Petronius, amene sakhulupirira Khristu kapena Jupiter, wopulumuka tsiku ndi tsiku poyamikira ndakatulo zoipa za mfumu mochenjera kuposa anzake.

Pa za mbiri, maziko a bukuli ndi Tacitus, wolemba mbiri wachiroma, makamaka buku la 15 la mbiri yake yotchedwa Annales. Moto unayamba mu Julayi 64 pafupi ndi bwalo la mipikisano la Circus Maximus ku Roma, Nero ali kutauni ya Antium. Unayaka masiku asanu ndi limodzi, n'kubukanso. Mwa zigawo 14 za mzindawo, zitatu zinapseratu, zisanu ndi ziwiri zinatsala mabwinja, zinayi zokha ndizo zinapulumuka. Zoveka Akhristu zikopa za nyama kuti agalu awakhadzule, zowapachika ndi zowayatsa usiku, zonsezi Tacitus analemba. Pomponia Graecina, mkazi wa Plautius, analikodi. Mu 57 anaimbidwa mlandu wotsata chipembedzo chachilendo ndipo mwamuna wake yemwe ndiye anauzenga n'kumupeza wosalakwa. Zoti chipembedzocho chinali Chikhristu ndi kungoganizira kwa anthu a pambuyo pake. Imfa ya Petronius mu 66, podzicheka mitsempha ali paphwando, nayonso yachokera kwa Tacitus.

Koma mlembi anathira mchere wake. Tacitus amanena poyera kuti sizidziwika ngati motowo unali ngozi kapena chiwembu cha mfumu, pomwe bukuli likuloza chala Tigellinus, mkulu wa asilikali olondera mfumu, ndi nyumba yachifumu mosakayika. Nsomba ngati chizindikiro cha Akhristu imayamba kupezeka m'zolemba chakumapeto kwa zaka za m'ma 100, patapita nthawi yaitali Nero atafa. Chimodzimodzi nkhani imene inapatsa bukuli dzina, ya Petro akuthawa mumzinda pa msewu wa Via Appia n'kukumana ndi Ambuye, nawafunsa kuti "Quo vadis?" (Mukupita kuti?): si ya m'Baibulo, ndi ya m'buku lotchedwa Machitidwe a Petro la nthawi yomweyo. Chondinyansa kwambiri ndi pamene aphunzitsi a Chiyuda akuonetsedwa akuneneza Akhristu pamaso pa Nero. Tacitus sanatchulepo zotere, ndipo amene akuwerenga bukuli m'gulu la achinyamata kapena la kumpingo ayenera kuimitsa pamenepo n'kufotokoza. Dziwaninso kuti mtundu wa Lygia ndi Ursus ndi wa dera limene lero ndi Poland, ndipo mlembi ankalemba dziko lake litagawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria. Kagulu kofooka kolimbana ndi ufumu wankhanza kanali ndi tanthauzo lina kwa anthu a kwawo.

Wowerenga angatuluke akuganiza kuti Akhristu ankasakidwa chonchi mu ufumu wonse kwa zaka 300 osapuma. Nkhanza za Nero zinachitikira mumzinda wa Roma mokha. Malamulo okhudza ufumu wonse anadza mochedwa, ndi mfumu Decius mu 250 ndi mfumu Diocletian mu 303.

Mitu ya m'bwalo la masewera ndi ya magazi okhaokha, kuphatikizapo ana aang'ono, ndipo phwando la kunyumba ya Nero lili ndi zauchidakwa ndi zachisembwere. Musapatse mwana wa pulayimale poona kuti ndi buku lachikhristu. Wa Folomu 3 kupita m'tsogolo angalithe. Ngati mukugulira laibulale ya sukulu kapena ya mpingo, kumene lidzadutsa m'manja ambiri, onjezerani ndalama mutenge lachikuto cholimba chosokedwa ndi ulusi, ndipo mumate mapu a Roma wakale mkati mwa chikutocho.