Earth leakage ya 30mA ndi yoyenera kugula, koma nyumba yakale iyambe yayezedwa

Kachipangizo kodula magetsi akasochera, kamene amisiri amati earth leakage, ena RCD, kamapezeka m'masitolo a zamagetsi ku Limbe ndi m'tauni ya Blantyre. Mtundu wofala m'nyumba ndi wa 63A, 30mA, wolowetsa mawaya awiri, live ndi neutral, ndipo umakhala mu DB, bokosi logawa magetsi m'nyumba, pafupi ndi main switch. Nyumba iliyonse yokhala ndi giza, kuka kapena ana oyenda opanda nsapato pasimenti yonyowa ikufunika chimenechi.

Magetsi athu ndi a 230V. Breaker wamba wa 20A kapena 32A ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asatenthe n'kuyatsa nyumba, ndipo munthu akagwidwa nyesi breaker ameneyu sagwa, chifukwa mphamvu yokwanira kusokoneza mtima sifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10 a 1A. Earth leakage imayerekeza magetsi olowa pa live ndi obwerera pa neutral. Ena akasochera, kudzera m'chitsulo cha filiji, m'paipi ya madzi kapena m'thupi la munthu, n'kufika 30mA (0.03A), imadula pasanathe theka la sekondi. Pa ntchito imeneyi palibe china cholowa m'malo mwake.

Dandaulo limene limamveka kwambiri ndi lakuti "imangogwagwa". Nthawi zambiri kachipangizoko kalibe vuto, kakungoulula zimene zinalipo kale. M'nyumba zakale za ku Chitawira, Kanjedza kapena Nkolokosa mukadali mawaya ofiira ndi akuda, ndipo pamene anthu ankawonjezera chipinda kapena boys' quarter, neutral ya magetsi owunikira inasakanikirana ndi ya masoketi. Mmisiri akaika earth leakage pa masoketi okha, neutral zonse za mbali imeneyo ziyenera kukhala pa bar (kachitsulo komangirapo mawaya mu DB) yawoyawo. Imodzi yokha ikatsalira ku bar inayo, mungoyatsa ketulo, magetsi thi! Chimodzimodzinso pamene wina analumikiza neutral ndi earth (waya wachitetezo wopita m'nthaka) kuseri kwa soketi pofuna kunamizira kuti earth ilipo.

Zipangizo zakale nazo zili ndi mlandu wake. Element ya giza ikang'aluka, madzi amafika pa waya wamkati. Mbale za hotplate ndi element ya uvuni zimamwa chinyezi zikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, n'chifukwa chake zimagwetsa earth leakage patangopita mphindi zochepa chiyatsireni. Simbi yositira imadyeka chingwe pamene chimalowera kuchigwiriro. Mvula ikayamba mu Novembala, nyali za pampanda ndi zolumikiza zomangidwa ndi tepi pansi pa denga lodontha zimawonjezera. Ndipo kudontha kwa magetsi kumaphatikizana: filiji pang'ono, kompyuta pang'ono, giza pang'ono, mpaka kukwana. Kachipangizo kolembedwa 30mA kamaloledwa kugwa kuyambira pa 15mA, choncho malire ake ali pafupi kuposa mmene ambiri amaganizira.

Kupeza chimene chikuchititsa si kovuta. Tsitsani ma breaker onse, zulani mapulagi onse m'masoketi (kuthimitsa pa swichi ya soketi sikukwanira, chifukwa zambiri sizidula neutral), kwezani earth leakage, kenako kwezani breaker mmodzimmodzi. Ikagwa popanda chilichonse cholumikizidwa, vuto lili m'mawaya kapena pa giza ndi kuka, zimene zilibe pulagi. Ikakhala, bwezerani zipangizo chimodzichimodzi. Apa ndi pamene ntchito ya mwini nyumba imathera. Kutsegula chivundikiro cha DB ndi kwa mmisiri wokhala ndi chilolezo cha MERA, chifukwa mawaya ochokera ku mita amakhala amoyo ngakhale main switch ili pansi.

Chimene chimandiwawa ndi mmisiri amene, pofuna kuti kasitomala asiye kumuimbira, amalumphitsa waya pa earth leakage n'kuisiya mu DB ngati chokongoletsa. Wina amasintha n'kuika ya 100mA kapena 300mA. Zimenezo zimathandiza kupewa moto, koma sizinapangidwe kuti zipulumutse munthu wogwira mpopi wa m'bafa.

Kachipangizoka kamagwira bwino pamene earth ili yeniyeni. Popanda earth, chitsulo cha filiji yowonongeka chimangokhala ndi magetsi kudikira munthu, ndipo earth leakage imagwa munthuyo atalawa kale nyesi. Earth ikakhalapo imagwa vuto likangoyamba. Pitani kuseri kwa nyumba pafupi ndi bokosi la mita mukaone chitsulo chokutidwa ndi mkuwa chokhomedwa pansi, nthawi zambiri cha 1.2m, ndi waya wobiriwira ndi chikasu womangidwa ndi kalampu. M'nyumba zambiri wayayo anadulidwa ndi khasu polambula, kapena kalampu inadyeka ndi dzimbiri. Kumalo a miyala m'munsi mwa mapiri a Ndirande ndi Soche chitsulo chimodzi nthawi zina sichikwanira, makamaka nthaka ikauma mu Okutobala. Mmisiri ayeze ndi makina, osati ndi babu. Zikapitirira 200 ohms akhome china motalikirana n'kuzilumikiza. Ayezenso mawaya ndi megger, makina oona ngati chokutira mawaya sichikudontha magetsi, pa 500V, ndipo asatsike pa 1 megohm.

Earth imatayikanso pa pulagi. Masoketi athu ndi a mano atatu amakona, ndipo dzino lalitali lam'mwamba ndilo earth. Filiji yochokera ku South Africa ya mano ozungulira ikalowa kudzera pa adaputala yotchipa, kapena mawaya akangolowetsedwa m'soketi n'kutsinidwa ndi timitengo ta machesi, earth yathera pomwepo. Dulani pulagiyo muike ya mano atatu yokhala ndi fyuzi: 13A ya ketulo ndi simbi, 3A ya wailesi ndi nyali.

Zofooka za earth leakage zilipo. Imodzi ikayang'anira nyumba yonse, vuto la nyali imodzi ya panja limathimitsa zonse, ndipo mukachokapo masiku awiri mudzapeza nyama yawonongeka m'filiji. Amene angakwanitse aike ziwiri, kapena RCBO, imene ndi breaker ndi earth leakage pamodzi, pa mzere uliwonse wofunika. Earth leakage siteteza munthu amene wagwira live ndi neutral pamodzi. Sitetezanso zipangizo magetsi a ESCOM akabwera mwamphamvu atathima. Imeneyo ndi ntchito ya fridge guard, imene imadikira mphindi zingapo isanalole magetsi kulowa.

Pogula onetsetsani kuti palembedwa 30mA kapena 0.03A ndi nambala ya IEC 61008, ndipo nyumba yokhala ndi inverter kapena makina ochapira amakono isankhe Type A. Tengani risiti. Ikaikidwa, dinani batani loyesera lolembedwa T mmisiri asanachoke: iyenera kugwa nthawi yomweyo. Bwerezani miyezi 6 iliyonse, ndipo tsiku limene idzakane kugwa, isinthidwe.