Tram ya ku Croydon, tawuni yomwe mafumu akhala akuikaniza umzinda

Abale ongofika kumene akandifunsa chokwera kuno ku Croydon, kum'mwera kwa London, ndimawauza kuti ayambe ndi tram. Ndi kasitima kobiriwira koyendera magetsi. Pakati pa tawuni kamayenda mumsewu limodzi ndi mabasi, kakatuluka kunja kamalowa njanji yakeyake n'kuyamba liwiro. Ine ndimakhala ku New Addington, komwe kulibe siteshoni ya sitima, ndipo ntchito yanga yosamalira okalamba imayamba kusanache, ndiye tram ndimaidziwa bwino.

Inayamba kuyenda mu May 2000. Ili ndi malo okwerera 39, nthambi zake zimafika ku Wimbledon, Beckenham Junction, Elmers End ndi kwathu kuno. Ndalama za m'manja anasiya kulandira mu 2018. Mumagunditsa khadi yolipirira ulendo ya Oyster kapena ya ku banki pa kamakina ka papulatifomu musanakwere, potsika osagunditsanso, kupatula pa geti yotulukira ya pa Wimbledon. Mukasinthira pa basi ola lisanathe, simulipiranso kachiwiri. Pansi pake m'polingana ndi pulatifomu, moti agogo a pa chikuku ndimangowakankha n'kulowa, osapempha munthu kuti atinyamulitse. Amene anakankhapo chikuku mvula ikugwa akudziwa kufunika kwake.

Koma chimene ndimaikondera kwambiri ndi kumene imaloza. Masitima a pa East Croydon mmawa amadzaza ndi anthu othamangira ku Victoria ndi London Bridge, pakati pa London, ulendo wosakwana mphindi 20, n'chifukwa chake ena amati Croydon ndi kogona chabe, ntchito ili kwina. Tram siipita pakati pa London ayi. Imatola anthu m'mphepete n'kuwabweretsa pakati pa Croydon penipeni, n'kuzungulira George Street, Church Street, West Croydon ndi Wellesley Road (pafupi ndi Lunar House, nyumba yomwe munali ofesi ya boma yoona za olowa m'dziko, pomwe ambiri a ife tinakafolapo pa nkhani ya mapepala). Mukatsikira pa Church Street, msika wa Surrey Street uli pomwepo. Chilolezo chake n'cha mu 1276, ndipo mpaka lero mavenda amakuwa mitengo ya matimati ndi mapeyala oikidwa m'timbale tapulasitiki, ngati pa Limbe.

Pa mapepala, Croydon ndi chigawo chimodzi mwa zigawo 32 za London, kuyambira mu 1965. Kale inali m'dera la Surrey, kunja kwa London, ndipo agogo ena amene ndimawasamalira amalembabe "Croydon, Surrey" pa envulopu. Mukawauza kuti ndi a ku London amakuyang'anani ngati mwawatukwana. Kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 390,000, kuposa chigawo china chilichonse cha London. Komatu ku Britain kuchuluka kwa anthu sikupangitsa malo kukhala mzinda. Ulemuwo amapereka ndi mfumu. Croydon inapempha mu 1954, 2000, 2002 ndi 2012, ulendo uliwonse n'kubwerako chimanjamanja, pamene St Davids ya ku Wales, ya anthu osakwana 2,000, ndi mzinda. Khonsolo yathu italengeza mu 2020 kuti ndalama zaithera, ngakhale okonda Croydon anayamba atsitsa kaye mawu. Ine maganizo anga ndi akuti malo amene anthu a m'madera ozungulira amadzukira kukagula, kukagwira ntchito ndi kukaonetsa mapepala asiya kale kukhala kogona chabe, kaya kunyumba yachifumu avomere kaya akane.

Zofunika kusamala zilipo. Nthawi yoweruka ana asukulu musayembekezere mpando, ndipo imayenda mwakachetechete, choncho podutsa msewu pakati pa tawuni chotsani zam'makutu. Anthu a ku New Addington sanaiwale ngozi ya pa Sandilands mu November 2016, pomwe tram inagubuduzika pa kona n'kupha anthu 7. Chichitikireni zimenezo anaikamo zipangizo zomanga mabuleki zokha liwiro likapyola, ndipo pa kona imeneyo mumamva ndithu ikufatsa.

Tram imeneyi ndikuilimbikitsa kwa aliyense wofuna nyumba yotsikirako mtengo kum'mwera kwa London kuno. Mukamakwerera pa Wimbledon pokha ndiye chenjerani: gunditsani khadi pa geti, kenako mugunditsenso pa kamakina ka papulatifomu ya tram, apo ayi akudulani mtengo wa sitima.