Kulawa za mayiko ena mumzinda waukulu: kubufe, pafoni, kumsika, kwa a nyenyezi kapena kwa eni ake?

Mumzinda ngati London, New York kapena Johannesburg, munthu akhoza kudya cha ku Ethiopia masana, cha ku Vietnam madzulo, kutacha n'kufisula ndi cha ku Turkey, pasipoti ili chikhalire m'chikwama. Malo odyera ndi mbwee, koma mimba ndi imodzi, ndalama n'zowerengeka, ndipo chakudya cha dzina limodzimodzi chimasiyana kutali malinga ndi khomo limene mwalowera. Makomo ake ndi awa: bufe ya zakudya za mayiko onse, kuitanitsa pafoni, msika wa zophikaphika, lesitilanti zotchuka za m'buku la Michelin, limene limapatsa nyenyezi malo ophika bwino kwambiri, ndiponso kukwera basi kapena sitima kupita kudera kumene eni chakudyacho amakhala. Ndineneretu kuti mtima wanga uli pa khomo lomalizali. Enawo ali ndi pake, kupatula limodzi.

Limodzilo ndi bufe. Imakopa chifukwa mumalipira kamodzi n'kuona sushi, pizza, curry ndi noodles zitandandalikidwa patebulo limodzi. Koma khitchini imodzi singadziwe kuphika za mayiko khumi, ndipo chakudya chimene chakhala ola lathunthu pamoto wofunditsira chimakhala chitataya kale moyo wake. Tsabola amamuchepetsa kuti aliyense athe kudya, zonunkhiritsa nazonso chimodzimodzi, mpaka cha ku India ndi cha ku Thailand zimayamba kufanana m'kamwa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: mumatuluka mutakhuta koma osakumbukira chimene mwadya. Ngati muli ndi gulu lalikulu la ana ndi akulu okonda zosiyana, bufe ikuthandizani kuti pasakhale wogona ndi njala. Kupitirira apo ilibe choti ikuphunzitseni.

Kuitanitsa pafoni, kudzera pa Uber Eats, Deliveroo ndi zina zotero, sindikutaya. Pali zakudya zimene zimapirira ulendo wa panjinga: biryani, jollof, nyama ndi nyemba zophikidwa nthawi yaitali mumsuzi wokhathamira. Zimenezi zimafika zili bwinobwino, zina mpaka zitalowerera. Koma yesani kuitanitsa pho ya ku Vietnam kapena ramen ya ku Japan: noodles akakhalitsa mumsuzi amatupa n'kuyamba kuphwanyika. Zokazinga zimafewa ndi nthunzi ya m'bokosi. Buledi wa naan, amene amakoma akangotuluka mu uvuni wa tandoor, amafika atalimba. Mtengo nawonso kawirikawiri umakhala wokwererapo, popeza kampani ya pafoniyo imadula gawo lake pa chilichonse chimene lesitilanti yagulitsa. China choti mudziwe, mayina ena amene mumawaona pafoni si malo oti mungapiteko n'kukhala pansi. Ndi khitchini yongophikira zotumiza, ndipo nthawi zina imodzi yomweyo imagulitsa ndi mayina angapo.

Lesitilanti za nyenyezi zili kumapeto enawo. Buku la Michelin linayamba mu 1900 ku France, pamene André ndi Édouard Michelin, abale opanga matayala, ankafuna kuti eni galimoto aziyenda maulendo ambiri. Nyenyezi anayamba kupereka mu 1926. Oyendera ake amadya mosadziwika ngati kasitomala wamba. Chimene mumagula kumeneko ndi luso ndi kusasinthasintha: mbale ya lero imafanana ndi ya mwezi wamawa, woperekera amakufotokozerani chilichonse, ndipo ngati pali chimene thupi lanu limadana nacho amachisamala kwambiri. Koma kawirikawiri mumakhala mukulawa maganizo a wophika mmodzi pa chakudya cha kwawo, atachisintha, atachichepetsa, atachikongoletsa. Ngati simunadyepo chimene anthu a ku Peru kapena ku Korea amadya tsiku ndi tsiku, mudziwa bwanji chimene iye wasintha? N'chifukwa chake ndimati khomo limeneli mulowe pomaliza, osati poyamba. Amene thumba lawo silifika pa nyenyezi ayang'ane chizindikiro cha Bib Gourmand, chimene bukuli linayambitsa mu 1997 posonyeza malo ophika bwino pamtengo wofikirika. Ndipo dziwani kuti bukuli silifika mumzinda uliwonse, choncho kusowa kwa nyenyezi sikunena kanthu za ophika a mzindawo.

Mpikisano weniweni uli pakati pa msika ndi dera la eni ake.

Msika wa zophikaphika, monga Borough Market pafupi ndi London Bridge, ndi wabwino kwa munthu amene sanadziwe chimene amakonda. Mumaona chakudya chikuphikidwa musanalipire, fungo limakutsogolerani lokha, mumagula pang'ono apa pang'ono apo, ndipo chikapanda kukukomerani simunataye zambiri. Wophika wa pabenchi nthawi zambiri amaphika chinthu chimodzi kapena ziwiri tsiku lililonse, dzanja lake n'kuzolowera. Ku Singapore, malo a ogulitsa otere, amene eni mzinda amadyerako tsiku ndi tsiku atakhala pamatebulo, bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, linawaika pamndandanda wa chikhalidwe cha anthu mu 2020, ndipo mu 2016 awiri mwa ogulitsawo analandira nyenyezi ya Michelin. Choncho benchi si chinthu chonyozeka. Pamsika palibenso zowonjezera zimene zimadzidzimutsa pabilu: ku London lesitilanti zambiri zimaikapo 12.5 peresenti ya woperekera, ndipo ku New York woperekera amayembekezera pafupifupi 20 peresenti.

Chofooka cha msika, makamaka wa pakati pa tauni kumene alendo amadzazana, n'chakuti umasankha zakudya zimene munthu angadye ataimirira, ndi dzanja limodzi, komanso zooneka bwino pachithunzi. Dziko lonse la Venezuela limasanduka arepa, Taiwan imasanduka bao, Lebanon imasanduka falafel yokulunga. Zamsuzi, zophika maola ambiri, zodyera pamodzi m'mbale yaikulu, zonsezo zimatsala kunja. Msika umakuuzani kuti dziko lakutilakuti lilipo ndipo chakudya chake chikhoza kukukomerani. Kuti mulidziwe, muyenera kunyamuka.

Kunyamuka kwake n'kupita kumene anthu a dzikolo anamanga moyo wawo. Ku London, a ku Punjab ali ku Southall, kumene ngakhale chikwangwani cha pasiteshoni chinalembedwanso m'chinenero chawo. A ku Korea ali ku New Malden. A ku Turkey ndi Akurdi ali mumsewu wa Green Lanes, kumene nyama imawotchedwa pamakala inu mukuona. A ku Nigeria ali ku Peckham. Ku New York, sitima nambala 7 imadutsa mu Queens, ndipo mukatsika pa Jackson Heights mumapeza a ku Colombia, India, Nepal ndi Tibet m'misewu yoyandikana, mukapitirira mpaka Flushing mwafika kwa a ku China ndi Korea. Ku Johannesburg, a ku India ndi Pakistan ali ku Fordsburg, a ku Somalia ku Mayfair, a ku China ku Cyrildene mumsewu wa Derrick.

N'chifukwa chiyani chakudya cha kumeneko chimaposa? Chifukwa wophika amaphikira anthu amene sangawanamize. Kasitomala wake anakula akudya chomwecho kwa amayi ake, ndipo msuzi ukapanda kufikapo sabweranso, n'kukauzanso anzake kutchalitchi kapena kumzikiti. Golosale yogulitsa ufa wake, masamba ake ndi zonunkhiritsa zake ili khomo loyandikana, katundu wake sakhalitsa. Lendi nayonso ndi yotsika poyerekeza ndi pakati pa tauni, ndiye ndalama yanu yambiri imapita m'mbale, osati kwa mwini nyumba.

Kumeneko n'kumene munthu amazindikira kuti mawu oti "chakudya cha ku India" kapena "cha ku China" amabisa zambiri. Lesitilanti zambiri zotchedwa za ku India ku Britain zinatsegulidwa ndi anthu a ku Bangladesh, makamaka ochokera ku Sylhet, ndipo menyu yawo anaikonza molingana ndi kamwa la Angelezi. Chicken tikka masala inakhazikika kwambiri mwakuti mu 2001 nduna yoona zakunja, Robin Cook, inaitchula kuti ndi chakudya cha fuko la Britain. Ndi yokoma, sindikana. Koma ku Southall mudzapeza chakudya cha tirigu, batala ndi tchana cha ku Punjab, pomwe ku Tooting kapena East Ham mudzapeza cha kum'mwera kwa India ndi Sri Lanka: dosa yopyapyala ngati pepala, yopangidwa ndi phala losasa la mpunga ndi mphodza, yodyera msuzi wa sambar wowawasa ndi bwemba. Dosa ndi chitsanzo chabwino cha zonse ndanenazi. Pabufe imakhala itafota, pafoni imafika itanyowa, ndipo imakoma pokhapokha yachoka pachiwaya n'kufika patebulo panu nthawi yomweyo. Za ku China nazo n'chimodzimodzi: a ku Canton amakonda zophika ndi nthunzi, zosawawa, ndipo dim sum yawo, tizakudya ting'onoting'ono tosiyanasiyana, amadya m'mawa mpaka masana pamodzi ndi tiyi, a ku Sichuan amaphatikiza tsabola wowawa ndi timbewu tina timene timachititsa dzanzi milomo. Wosadziwa amaganiza kuti chakudya chalakwika, pomwe dzanzilo ndilo likufunidwa.

Ndisabise zovuta zake. Ulendo ukhoza kukudyerani ola limodzi kupita, lina kubwerera. Menyu ikhoza kukhala ya mayina okhaokha opanda kufotokoza, ndipo zabwino kwambiri nthawi zina zimalembedwa pakhoma m'chinenero cha eni ake. Woperekera akaona kuti ndinu mlendo akhoza kukulozerani zosawawa pofuna kukutetezani. Muuzeni mwaulemu kuti mukufuna monga amadyera iwo. Komanso si kanyumba kalikonse kakang'ono kamene kamaphika bwino, ndipo dera likatchuka kwambiri limayamba kuphikira alendo. Mukaona munthu ataima pakhomo kukuitanirani mkati ndi lonjezo lotsitsa mtengo, pitirirani. Yang'anani kumene kwadzaza mabanja a eni ake, agogo ndi adzukulu omwe, kumene menyu ndi yaifupi, ndiponso kumene chikwangwani chatchula chigawo, monga Kerala, Sichuan kapena Oaxaca, osati dziko lonse.

Za ukhondo musangoganizira poona mipando. Ku England oyendera amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 5, ndipo mukhoza kuwaona pa intaneti ya Food Standards Agency, bungwe la boma loona za chakudya. Ku New York, kuyambira mu 2010, malo odyera amaika chilembo A, B kapena C pawindo. Mudzadabwa kuona timalo tosaoneka bwino tili ndi malikisi apamwamba. Pa zimene simudya, kaya chifukwa cha chipembedzo kapena thupi, apa ndi pomwe lesitilanti yodula imapambana, chifukwa kwa eni ake palibe amene akufunseni. Mtedza umabisala mumisuzi yambiri ya ku West Africa ndi Thailand, madzi a nsomba zosasitsa ali pafupifupi m'zonse za ku Vietnam, nkhumba ili m'zofutira zambiri za dim sum. Safunsa anadya phula.

Pali ena amalipira wowatsogolera kuti awayendetse m'madera amenewa, kulawa pang'onopang'ono makomo asanu kapena asanu ndi limodzi. Tsiku loyamba zimathandiza kuchotsa mantha, koma mumadya mothamanga, ndipo zakudya zambiri za kumeneko sizinapangidwire munthu wothamanga kapena wodya yekha. Bola mupite anthu anayi, aliyense aitanitse chosiyana, zonse muike pakati. Kwa a ku Korea timbale ta ndiwo za pambali totchedwa banchan, kuphatikizapo masamba osasitsa a kimchi, timabwera tokha popanda kuitanitsa, ndipo m'malo ambiri tikatha amawonjezera.

Ngati mwandifunsa poyambira, ndinena kwa a ku Ethiopia kapena Eritrea, chifukwa palibe khomo lina mwa onsewa limene lingakupatseni chimene amapereka iwo. Injera, chofufumitsa chachikulu chowawasa chopangidwa ndi ufa wa kambewu ka teff wosasitsidwa masiku angapo, ndiyo mbale, ndiyonso supuni. Akhristu a Orthodox kumeneko amasala nyama ndi mkaka Lachitatu ndi Lachisanu, n'chifukwa chake ali ndi luso lalikulu pa mphodza, nyemba ndi masamba. Itanitsani beyaynetu ndipo zonsezo zibwera timilu timilu pa injera imodzi, ndipo pambali pake muitanitsenso doro wat, nkhuku ya msuzi wofiira wa zonunkhiritsa za berbere yokhala ndi dzira. Mukatha, funsani ngati amapanga khofi wa mwambo. Amakazinga mbewu zake pomwepo n'kukuzunguliritsani utsi kuti mununkhize, amafukiza lubani, amamuwiritsa m'kamtsuko kadothi kotchedwa jebena, ndipo amathira katatu: abol, tona, baraka. Zimatenga nthawi, choncho tsiku limenelo musakhale ndi sitima yoti muithamangire.