Fiber ya eni dera, ya kampani, kapena dishi ya satilaiti?

Tauni yaing'ono ya kumudzi imapeza intaneti m'njira zinayi: nsanja ya mafoni, dishi ya satilaiti, fiber (chingwe cha timagalasi topyapyala chonyamula intaneti) yokokedwa ndi kampani yaikulu, kapena fiber yomwe anthu a m'deralo asonkherana n'kuyala okha. Ine ndimaikira kumbuyo yomalizayi, ngakhale si paliponse pomwe ingatheke.

Za nsanja tisachedwepo. 4G imakwana pa WhatsApp ndi kutumiza ndalama, koma liwiro lake mumagawana ndi aliyense amene walumikiza pansanjapo. Madzulo anthu akaweruka, vidiyo imangozungulira osatseguka, bandulo nayo ikutha.

Satilaiti yasintha kwambiri. Zakale zija zimakhala pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, moti uthenga umatha theka la sekondi kapena kupitirira kuti upite ndi kubwerako, ndipo poimbirana pavidiyo mumangodulana mawu. Za kampani ya Starlink zimazungulira pafupi, cha pamakilomita 550, choncho kuchedwa kuja sikumvekanso kwenikweni. Mukagula dishi lero, lero lomwe mwalumikiza, bola mitengo isatchinge kumwamba. Kwa famu yomwe ili yokhayokha kutali, palibe chopikisana nayo. Koma mvula yamkuntho imasokoneza, ogwiritsa ntchito akachuluka m'dera limodzi liwiro limatsika, ndipo mtengo ukakwera mulibe msonkhano woti mukadandaulirepo.

Fiber ya kampani ikakufikani, ndi yabwino, palibe chonena. Vuto ndi kufikako. Ndalama zambiri pa fiber sizipita ku chingwe chenichenicho, zimathera pokumba ngalande kapena kupachika pamapolo. Nyumba zikatalikirana, kilomita imodzi yokumba imabweretsa makasitomala ochepa, ndiye kampani imalekeza pomwe phindu lathera. Msewu waukulu ndi mashopu ake amalumikizidwa, a kutsidya kwa mtsinje n'kumangouzidwa kuti adikire.

Apa m'pamene fiber ya eni dera imaposa zinzake, chifukwa imadula mtengo pa malo omwewo pomwe kampani imalepherera. Chitsanzo chodziwika ndi B4RN, netiweki ya fiber ya eni dera yomwe idayamba mu 2011 kumidzi ya Lancashire, kumpoto kwa England. Alimi amalola chingwe kudutsa m'minda mwawo osalipiritsa, ndiye m'malo mong'amba msewu wa tara, ngalande imadula njira m'dothi lofewa. Okumba ambiri ndi anthu a m'mudzi momwemo ndi mathirakitala awo, ndipo ena amalandira masheya chifukwa cha ntchito yomwe agwira. Mlimi amene angakanize kampani yachilendo kuponda m'munda mwake savuta kulola mnansi wake, makamaka ngati chingwecho chikulowanso m'nyumba mwake. Zotsatira zake, nyumba za kumapiri zimalandira liwiro lalikulu kwambiri la gigabit 1 pa sekondi, potsitsa zinthu komanso potumiza.

Potumizapo ndi pomwe otsatsa malonda amakonda kudumpha. Satilaiti ndi nsanja zimatsitsa msanga kuposa momwe zimatumizira. Woonera mafilimu sazindikira, koma chipatala chotumiza zithunzi za X-ray kwa dokotala wakutali, mphunzitsi wophunzitsa pavidiyo, kapena wojambula amene akutumiza ntchito yake kwa kasitomala, amaona kusiyana tsiku loyamba lomwe. China n'chakuti chingwe chikakwiriridwa chimakhala zaka makumi angapo. Mukafuna liwiro lokwera mumangosintha zipangizo za kumapeto kwake, simukumbanso.

Ku America njira yake ndi yosiyanako. Makopaletivi a magetsi omwe adafalikira kumidzi kutsatira lamulo la Rural Electrification Act la 1936 ali kale ndi mapolo, amisiri ndi kaundula wa mamembala, ndipo ambiri mwa iwo tsopano akupachika fiber pamapolo omwewo. M'chigawo cha Vermont, matauni ang'onoang'ono adagwirizana n'kukhazikitsa ECFiber, bungwe lawo loyala fiber. Kwa ine, bungwe lomwe lili kale ndi luso lotolera mabilu ndi kukonza mawaya limayamba ndi mwayi waukulu kuposa komiti yongosankhidwa dzulo.

Zolephera ziliponso. Mzinda wa Provo m'chigawo cha Utah, ku America komweko, udakongola madola pafupifupi 39 miliyoni kuti umange netiweki yake, koma mu 2013 udaigulitsa kwa Google pa dola imodzi, ngongole n'kutsalira anthu a mumzindamo. Inde, Provo si mudzi, koma masamu ake ndi omwewo: ngongole imafuna kubwezedwa mwezi ndi mwezi, kaya olembetsa ndi ambiri kaya ndi ochepa. Okweza manja pamsonkhano amakhala ambiri, olipira bilu yoyamba amachepa. N'chifukwa chake ndi bwino kutolera mayina ndi chikole fosholo isanalowe pansi.

Ndiye pali za usiku wa Lamlungu, chigalimoto chokumba chikadula chingwe. Fiber salumikiza ndi tepi. Pamafunika makina ake owotcherera timagalasi tiwiri topyapyala ngati tsitsi, ndi munthu wodziwa kuwagwiritsa ntchito. Kampani yaikulu ili nawo amisiriwo, ngakhale amabwera nthawi yomwe afuna. Gulu la eni dera liyenera kulemba wake ntchito kapena kuchita mgwirizano ndi wina, chifukwa odzipereka aja amatopa, ena amasamuka, ena amakalamba.

Komanso netiweki ya m'tauni payokha sikufikitsani kulikonse. Iyenera kulumikizidwa ku chingwe chachikulu chopita kunja, ndipo nthawi zambiri chimenecho mumachita lendi kwa makampani omwe mumafuna kuwathawa aja. Chikadutsa pafupi, ndipo ogulitsa ake alipo awiri kapena atatu, fiber ya eni dera ndiyo ndingasankhe kwa tauni yomwe nyumba zake n'zoyandikanako. Chikakhala kutali makilomita ambirimbiri, wogulitsa wake n'kukhala mmodzi yekha, gulani kaye madishi a sukulu ndi chipatala, za ngalande mudzakambirane chingwecho chikayandikira.