Kabokosi ka fuzz ndi octave kamene kandigwira mtima

Ndakhala nako miyezi itatu tsopano kabokosi aka kosinthira kamvekedwe ka gitala yamagetsi (fuzz ndi kulira kokhakhala), kopangidwa pamanja ndi mmisiri amene amatulutsa towerengeka chabe. Nditakatsegula kuti ndiike batire la 9V, ndinaona kathiransifoma kakang'ono ndi ma diode awiri a germanium, mawaya ake olumikizidwa mwaudongo. Nzeru yake ndi ya Octavia, kabokosi kamene mmisiri Roger Mayer anapangira katswiri wa gitala Jimi Hendrix mu 1967: mafunde a mawu amapindidwa, ndiye khutu limamva noti ina pamwamba pa imene wakhudza, yofanana nayo koma yokwera, imene amati octave.

Tsiku loyamba ndinakhumudwa. Nditaimba makodi (nsambo zingapo nthawi imodzi), panangotuluka chiphokoso ngati malata akukhulana. Chinsinsi chake ndinachitulukira mochedwa: pickup (kachipangizo kotola mawu a nsambo) ya kufupi ndi khosi la gitala, tone ya gitala yotsitsa, nsambo imodziimodzi kuyambira pa fret (mzere wachitsulo wa pakhosi la gitala) 12 kupita m'mwamba. Pamenepo octave imalira ngati mluzu, thupi mpaka kuchita tsemwe. Ukachepetsa volume ya gitala, fuzz imafewa koma kulira kuja kumatsalabe, ndipo apa ndi pamene ndimakakondera kwambiri.

Koma kamafuna kukhala koyamba pa mndandanda wa zipangizo, gitala izilowa mwa iko mwachindunji. Nditakaika pambuyo pa tuner yanga (chochunira nsambo) yokhala ndi buffer (kachipangizo kolimbitsa siginolo ya gitala), mawu anauma gwa, n'kuyamba kubaya m'makutu.